Kugula Buku Lakale: Yambani Mwaona Chaka

Inu amene mwamaliza sukulu ya kwacha, tsopano mukudziwa kuwerenga. Koma kuwerenga kuli ngati khasu. Mukaligoneka pakhonde osalimira, limachita dzimbiri. Choncho mufunika kukhala ndi mabuku pakhomo panu.

Mabuku atsopano ndi okwera mtengo. Mwayi ulipo ndi wakuti m'misika ndi m'mbali mwa misewu ya m'mizinda, monga Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu, muli anthu amene amayala mabuku akale pansi, monga achitira ogulitsa kaunjika. Pamenepo mungapeze mabuku a zaumoyo, a ulimi, a masamu, a sayansi, a mapu ndiponso madikishonale pa mtengo wotsika.

Koma chenjerani. Buku la nthano silikalamba. Kalulu wa kale ndi kalulu yemweyo. Buku lophunzitsa za mankhwala kapena za ulimi ndiye limakalamba, ndipo likakalamba lingakusokeretseni. Mungataye ndalama, mbewu zanu, kaya moyo wa mwana. Phunziro lino likuthandizani kusankha bwino.

1. Mitundu itatu ya mabuku akale

Mtundu woyamba ndi buku limene wina analigwiritsa kale ntchito. Lingakhale lakuda ndi lopindika m'makona, koma linalembedwa posachedwapa. Limeneli kawirikawiri ndi labwino.

Mtundu wachiwiri ndi buku la kalekale, la nthawi ya makolo athu. Mapepala ake amakhala ofiirira.

Mtundu wachitatu ndi buku losindikizidwanso. Limeneli ndiye limapusitsa anthu ambiri. Chikuto chake ndi chatsopano, mapepala ake ndi oyera, koma mawu a m'kati ndi akale omwe aja. Lili ngati nkhalamba yovala suti yatsopano.

2. Kodi chaka chimalembedwa pati?

Tsegulani chikuto. Mupeza tsamba limene lili ndi dzina la buku ndi dzina la mlembi. Tembenuzani tsamba limenelo. Kuseri kwake kuli timawu ting'onoting'ono. Funani chizindikiro ichi: ©. Pafupi nacho pamakhala chaka.

Mabuku ambiri a mtundu umenewu ndi a m'Chingerezi. Musade nkhawa. Ingodziwani mawu ochepa awa. First published ndiye kuti chaka chimene bukulo linatuluka koyamba. Reprinted ndiye kuti anangolisindikizanso, osasintha nkhani zake. Revised kapena Second edition ndiye kuti analikonza ndi kuwonjezamo zatsopano.

Tiyerekeze kuti mwapeza mabuku awiri a dzina limodzi. Loyamba lalembedwa First published 1965, Reprinted 1990. Lachiwiri lalembedwa Revised 1985. Nanga lili ndi nzeru zatsopano ndi liti? Ndi lachiwiri. Loyambalo nzeru zake ndi za 1965 basi, ngakhale linatuluka m'makina mu 1990.

Ngati tsamba la chaka linang'ambika, yang'anani kumbuyo kwa buku. Mabuku ambiri ali ndi nambala yotchedwa ISBN. Nambala imeneyi inayamba kufala cha m'ma 1970, ndipo inali ndi manambala 10. Kuyambira mu 2007 ili ndi manambala 13. Mukaiwerenga mudziwa ngati bukulo linasindikizidwa kale kapena posachedwa.

3. Nzeru zimene zimasintha

Akuluakulu anati tsobola wakale sawawa. Nazi nkhani zimene mabuku ake amatha mphamvu msanga.

Zaumoyo. Mabuku akale amati munthu wodwala malungo amwe chloroquine. Nthawi imeneyo zinali zoona. Koma tizilombo ta malungo tinazolowera mankhwalawo. Mu 1993 dziko la Malawi linaleka chloroquine ndi kuyamba SP, amene ambiri amati Fansidar. Mu 2007 linasinthanso ndi kuyamba LA. Ndiye taganizani: mwana watentha thupi usiku, inu mwatsegula buku la 1980 ndi kutsata zimene likunena. Mwanayo sachira, ndipo nthawi yopita naye kuchipatala ikutha.

Mabuku ena akale amati munthu akalumidwa ndi njoka, mumuteme pa bala, muyamwe ululu, ndi kumanga mwendo zolimba ndi chingwe. Lero madokotala amaletsa zonsezi. Amati wolumidwayo asayendeyende, ndipo mumunyamule kupita naye kuchipatala msanga. Dziwaninso kuti matenda a Edzi anadziwika koyamba mu 1981. Buku la zaumoyo lolembedwa chaka chimenecho chisanafike silinena kanthu za matendawa.

Pali buku lotchuka lotchedwa Where There Is No Doctor, kutanthauza kuti kumene kulibe dokotala. Analemba ndi David Werner, amene ankagwira ntchito m'midzi ya ku Mexico, ndipo la m'Chingerezi linatuluka mu 1977. Bukuli lathandiza anthu m'mayiko ambiri, ndipo lakhala likukonzedwa kambirimbiri. Dzina silinasinthe, koma malangizo ena a mankhwala anasintha. Mukalipeza pamsika, funani lokonzedwa posachedwa.

Ulimi. Mabuku akale amalangiza kuthira mankhwala monga DDT ndi dieldrin m'munda. Pambuyo pake kunadziwika kuti mankhwala amenewa amakhalitsa m'nthaka, m'madzi ndi m'thupi la munthu. Mu 2001 mayiko anasainirana pangano ku Stockholm loletsa mankhwala amenewa pa ulimi. Palinso mbozi ija yoononga chimanga, ya mtundu wa ntchemberezandonda, imene inachokera ku America ndi kufika mu Africa mu 2016. Buku lakale siliidziwa mbozi imeneyi.

Mapu. Buku la mapu lingakuuzeni lokha zaka zake. Mukaona dzina lakuti Nyasaland kapena Northern Rhodesia, mapuwo ndi akale kuposa 1964. Mukaona kuti likulu la Malawi ndi Zomba, ndi akale kuposa 1975, chaka chimene likulu linasamukira ku Lilongwe. Mapu akale amatchula Mangochi kuti Fort Johnston, Nsanje kuti Port Herald, Chitipa kuti Fort Hill. Maputo ankatchedwa Lourenço Marques kufikira 1976, ndipo Harare ankatchedwa Salisbury kufikira 1982. Ngati mulibe dziko la South Sudan, mapuwo anajambulidwa 2011 isanafike. Mapiri, nyanja ndi mitsinje zili pomwepo, koma mayina ndi malire zimasintha. Mwana wa sukulu akaloweza mayina akalewo adzalakwa mayeso.

Sayansi. Mabuku akale amati mapulaneti ozungulira dzuwa alipo 9. Mu 2006 akatswiri a zakuthambo anagwirizana kuti Pluto asawerengedwenso pamodzi ndi mapulaneti akuluakulu. Tsopano timawerenga 8.

4. Nzeru zimene sizikalamba msanga

Musaganize kuti buku lililonse lakale ndi lotaya, iyayi. Paja mawu a akulu akoma akagonera.

Masamu sasintha. Kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa ndi chimodzimodzi kale ndi lero. Buku lofotokoza mafupa a munthu, ntchito ya mtima, kameredwe ka mbewu, kapena mayina a mbalame ndi mitengo lingakutumikireni zaka zambiri. Chimodzimodzi buku la ukalipentala kapena la kusoka.

Chimene muyenera kusamala nacho ndi miyeso. Mabuku akale amawerenga mtunda m'mamailosi, kulemera m'mapaundi, ndi munda m'maekala. Sungani izi: mailosi imodzi ndi makilomita 1.6, paundi imodzi ya sikelo ndi magalamu 454, maekala awiri ndi theka ndi pafupifupi hekitala imodzi. Masamu a ndalama m'mabuku amenewo ndi a mapaundi, masheleni ndi makobiri. Ku Malawi ndalama zimenezi zinatha mu 1971, pamene kunabwera kwacha ndi tambala. Masamu otero ingowadumphani.

Dikishonale yakale nayo ndi chuma. Mu 1892 David Clement Scott, mbusa wa pa Mishoni ya Blantyre, anatulutsa dikishonale yaikulu ya Chimang'anja. Mu 1929 inatulukanso, Alexander Hetherwick ataikonza. M'menemo simupezamo mawu monga kompyuta. Koma mupezamo mawu a makolo a zida, miyambo ndi zomera amene ana a lero sawadziwa. Ngati mufuna ya mawu a masiku ano, funani zatsopano, monga Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000, umene umamasulira mawu m'chiyankhulo chathu chomwechi.

Kalembedwe nako kangakudabwitseni. Mabuku ena akale, ndi ambiri a ku Zambia, amalemba cimanga ndi cinthu pamene ife timalemba chimanga ndi chinthu. Si kulakwitsa ayi. Katchulidwe ndi kamodzi.

5. Yesani thupi la buku

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musagule buku chifukwa cha chithunzi cha pachikuto. Chitani izi musanatulutse ndalama:

Onani nambala za masamba koyamba, pakati ndi kumapeto. Ngati tsamba 40 likutsatana ndi 57, masamba ena anathothoka.

Onani tsamba la zam'katimu, ndiponso mndandanda wa mawu wa kumapeto umene umakulozerani tsamba. Buku lofufuziramo zinthu likasowa zimenezi, mudzavutika kupeza chimene mukufuna.

Dikishonale iyambe pa A ndi kuthera pa Z. Masamba oyamba ndi omaliza ndiwo amayamba kutayika.

Mabuku ena aakulu amakhala m'magawo ambiri. Gawo limodzi lingakhale ndi nkhani zoyamba ndi A mpaka C zokha. Funsani ngati magawo onse alipo.

Linunkhizeni. Fungo la nkhungu ndiye kuti linanyowa. Timabowo ndi tinjira m'mapepala ndiye kuti munalowa chiswe kapena tizilombo tina, ndipo tingafalikire ku mabuku anu ena.

Werengani ndime imodzi pomwepo. Ngati zilembo ndi zazing'ono kwambiri kwa maso anu, kapena Chingerezi chake ndi chozama moti palibe wa pakhomo panu angachimve, lisiyeni. Mabuku a sayansi a ku pulayimale ndiwo abwino kuyambira, chifukwa ali ndi zithunzi ndi mawu apafupi.

Samalaninso ndi mabuku ongojambulidwa pa makina a fotokope. Zithunzi zake zimakhala zakuda bii, manambala ena saoneka, ndiponso malamulo salola kugulitsa mabuku otero popanda chilolezo cha eni ake.

6. Yang'anani chidindo

Mukaona chidindo cha sukulu, kapena mawu akuti Not for sale, dziwani kuti bukulo si logulitsa. Kawirikawiri limakhala lobedwa. Mukaligula mwalanda ana a m'kalasi, mwina ana anu omwe. Buku la ku laibulale limene eni ake analitulutsa mwa chilolezo limakhala ndi chidindo china chakuti Withdrawn. Limenelo mungagule, koma kumbukirani kuti nthawi zina amalitulutsa chifukwa chakuti lakalamba.

7. Mtengo ndi kasungidwe

Musanapite kumsika, dziwani mtengo wa buku latsopano la mtundu womwewo. Kenaka nenererani. Muonetseni wogulitsa chaka ndi masamba ong'ambika, mwaulemu. Ngati buku ndi lokwera mtengo, sonkhani ndalama ndi anzanu a m'kalasi, muzibwerekana. Mutu umodzi susenza denga. Musaiwalenso kuti ku National Library Service mungawerenge ndi kubwereka mabuku.

Mukafika nalo kunyumba, likutireni ndi pepala lolimba. Musaliike pansi kapena kuligunditsa ku khoma la dothi, kuopa chiswe ndi chinyezi. Liikeni pa thandala kapena m'bokosi louma, kutali ndi makoswe ndi denga lodontha. Lembani chaka chake ndi zilembo zazikulu m'kati mwa chikuto, kuti aliyense wowerenga adziwe msinkhu wa nzeru zake.

Pomaliza, gwirani lamulo ili: pa nkhani ya mankhwala a anthu, a ziweto kapena a m'munda, buku lisakhale lomaliza kulankhula. Pitani nalo kwa alangizi a zaumoyo kapena a zaulimi, muwaonetse tsambalo, muwafunse ngati malangizowo akadagwirabe ntchito. Safunsa anadya phula.

Mafunso

1. Kodi chaka cha buku chimapezeka pa tsamba liti?
2. Kodi Reprinted ndi Revised zikusiyana bwanji?
3. Chifukwa chiyani buku la zaumoyo la 1980 lingakusokeretseni pa matenda a malungo?
4. Tchulani mitundu iwiri ya mabuku imene siikalamba msanga.
5. Mungachite chiyani mutapeza buku la chidindo cha sukulu likugulitsidwa?

Zochita

Bwerani ndi buku lililonse limene lili pakhomo panu. Mothandizana ndi anzanu, pezani chaka chake ndi kuchilemba m'kope mwanu. Kenaka kambiranani: ndi ziti m'bukumo zimene zikadali zoona, ndipo ndi ziti zimene muyenera kukafunsa kwa alangizi?