KULIMA M'ZITINI PA KHONDE NDI KUGONJETSA TIZIROMBO

Anthu ambiri amaganiza kuti munthu wopanda dimba sangathe kudya ndiwo zolima yekha. Maganizo otere si oona ai. Ife ana a sukulu yogonera konko tiribe malo athu-athu olimapo, monganso abale athu okhala m'nyumba zosanja ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Koma khonde tiri nalo, ndipo zitini, ndowa zobooka ndi zigubu zotha ntchito ziri mbwee kudzala. Ine ndi anzanga atatu a Fomu 3 takhala tikulima mpiru, matimati, anyezi, tsabola ndi maluwa pa khonde la nyumba yathu yogonamo kwa chaka ndi theka, ndipo nyemba zathu za masiku onse zija zimakomako tikaikapo tsabola ndi timasamba ta anyezi. Tsono m'nkhani yino ndifuna kufotokozera anzanga zimene taphunzira m'kalasi ya zaulimi ndi zimene taona ndi maso athu, makamaka za tizirombo, pakuti ndito timene timagwetsa anthu ambiri ulesi.

Choyamba kuchidziwa ndi ichi. Mbeu ya m'munda ikamva ludzu imatumiza mizu yache pansi kukafuna madzi, koma mbeu ya m'chitini iri ngati mwana wa m'manja: chakudya chache, madzi ache ndi chitetezo chache zonse ziri kwa mwini. Mbeu yanjala ndi yaludzu ndiyo imene tizirombo timaigonjetsa msanga. Nchifukwa chache nkhondo ya tizirombo imayamba tsiku lomwelo lothira dothi m'chitini. Akulu anati m'mera mpoyamba.

CHITINI NDI DOTHI

Tsinde limodzi la matimati limafuna chigubu cha malita 20, tsabola amafuna ndowa ya malita 10, pamene mpiru, bonongwe ndi anyezi zimakula bwino m'beseni lakuya masentimita 20. Boolani mabowo 5 kapena 6 pansi pache ndi msomali waukulu, ndipo bowo likakula ikanipo phale kuti dothi lisatuluke. Mizu imapuma monga ife tomwe, ndipo ikamira m'madzi osatuluka imaola. Musabzale chakudya m'chitini chimene munali utoto, mafuta a galimoto kapena mankhwala ophera tizirombo, ngakhale mutachitsuka chotani. Kumbukiraninso kuti chigubu chodzaza dothi lonyowa chimalemera makilogalamu 25 kapena kuposa. Chotero amene ali pa khonde la m'mwamba aziika pansi, osati pa kakhoma, kuopa kuti chingagwere munthu wodutsa.

Dothi lathu timasakaniza motere: mbale 2 za dothi lakuda la pamwamba, mbale 1 ya manyowa oola bwino ndi mbale 1 ya mchenga wa kumtsinje. Manyowa aawisi amatentha mizu. Musatape dothi pamene panali matimati kapena fodya wodwala, chifukwa mumakhala tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timalowa m'mizu ndi kuitupitsa timfundo-timfundo, kotero kuti mbeu imafota masana ngakhale yathiriridwa. Ngati mukukayika dothi lanu, linyowetseni, limangeni m'thumba la pulasitiki loonekera m'kati, ndipo liyanikeni pa dzuwa la Okotobala masabata 4 kufikira 6. Alimi a fodya amatsata nzeru yomweyi akamatentha mapesi pa nazale asanafese.

DZUWA, MADZI NDI NYENGO

Matimati ndi tsabola zimafuna dzuwa la maora 6 pa tsiku, koma mpiru umapirira mthunzi pang'ono. Dziko lathu liri kummwera kwa ikweta, chotero m'miyezi yozizira ya Meyi, Juni ndi Julayi dzuwa limadzera chakumpoto, ndipo khonde loyang'ana kumpoto ndilo limalandira dzuwa lokwanira. Pothirira musawerenge masiku koma funsani dothi. Pisani chala kufikira pa mfundo yachiwiri: mukapeza pouma thirirani mpaka madzi atayamba kudontha pansi, mukapeza ponyowa lekani. Thirani pa dothi, osati pa masamba a matimati, pakuti masamba ogona onyowa amagwidwa chiwawu. Madzi otsalira m'mbale ya pansi pa chitini muziwataya, kuti mungawete udzudzu pakhomo panu pomwe.

Popeza chakudya cha m'chitini chimatha msanga, ife timaviika zitosi za nkhuku m'thumba m'kati mwa ndowa ya madzi kwa masabata 2, kenaka timasungunula madziwo kufikira aoneke ngati tiyi wosapsa, ndi kuthira pa dothi kamodzi pa masabata awiri.

Mwana wa sukulu aganizirenso za tchuthi. Mpiru umayamba kuthyoledwa patapita masabata 4 kapena 5 chiuokereni, chotero umakwana bwino m'teremu imodzi. Matimati amatenga miyezi 3 kapena kuposa, ndipo amafuna kuti mupangane ndi mnzanu wokhala pafupi woti adzawathirire inu mutapita kwanu.

ADANI ATHU

Sing'anga sapereka mankhwala asanadziwe nthenda. Momwemonso mlimi ayenera kuyamba wamdziwa mdani wache.

1. Nsabwe za m'masamba. Izi ndi tizirombo tofewa, tobiriwira, totuwa kapena takuda, tounjikana kunsi kwa tsamba ndi kunsonga kwa mphukira. Zimayamwa madzi a mbeu kufikira tsamba litapiringizika. Chodabwitsa chache nchakuti nsabwe yaikazi imabala ana amoyo popanda yaimuna, ndipo anawo amayamba kubala okha patangopita sabata imodzi kapena masiku 10. Nchifukwa chache nsabwe 5 za lero zimasanduka khamu mwezi usanathe. Zimatulutsa timadzi totsekemera timene nyerere zimakonda, ndipo nyererezo zimaziteteza monga mbusa atetezera ng'ombe zache. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa mbeu yanu, tembenuzani tsamba, mudzapeza nsabwe.

2. Akangaude ofiira. Awa ndi aang'ono ngati fumbi la njerwa, ndipo ali ndi miyendo 8. Amabvuta kwambiri matimati m'miyezi yotentha ndi youma ya Seputembala, Okotobala ndi Novembala. Tsamba limayamba timadontho toyera, kenaka limachita chikasu ndi kuuma, ndipo kunsi kwache kumaoneka ulusi wosalala. Khonde lofolera limawakomera chifukwa mvula siwafika.

3. Mbozi yoboola matimati. Akatswiri amaitcha Tuta absoluta. Kwao ndi ku South America. Inaoneka ku Spain mu 2006, ndipo pofika 2016 inali itafika ku Zambia, Mozambique ndi South Africa. Mai wache ndi kagulugufe kotuwa kouluka usiku, kamene kangathe kuikira mazira oposa 200. Kambozi kakaswa kamalowa m'kati mwa tsamba ndi kudya mnofu, kusiya khungu loyera ngati pepala, ndipo pambuyo pache kamaboola chipatso. Popeza kamabisala m'kati, mankhwala opopera kunja sakafika bwino.

4. Mbozi zobiriwira za mpiru ndi kabichi. Zimaboola masamba timazenera, ndipo ukazikhudza zimadzigwetsa ndi kulendewera pa ulusi.

5. Adani a usiku. Nkhono zimadya mbande ndi kusiya mzere wonyezimira. Palinso mbozi yotuwa yogona m'dothi masana, imene imadula mbande pa tsinde ngati ndi mpeni.

ABWENZI ATHU

Si chamoyo chiri chonse chokwera pa mbeu chimene chiri mdani. Kachikumbu kofiira konyezimira ka madontho akuda kamadya nsabwe makumi angapo pa tsiku. Mwana wache safanana nako: ndi wakuda, wautali, wa mawanga achikasu, wooneka ngati kang'ona, ndipo anthu ambiri amamupha poyesa ndi mdani pamene iye ndiye msirikali wolimba koposa. Koma chenjerani ndi msuweni wache wosanyezimira, wa ubweya wosalala, amene amadya masamba a maungu. Chiswambiya, buluzi, birimankhwe, achule ndi akangaude oluka ukonde onse amadya tizirombo, ndipo mavu amanyamula mbozi kukadyetsa ana ao.

Apa ndi pamene maluwa amaonetsa ntchito yache. Anzathu ena amatiseka kuti maluwa sadyera nsima. Nzoona, koma maluwa amaitana njuchi ndiponso tintchentche tamizere-mizere tofanana ndi njuchi, timene mphutsi zache zimadya nsabwe. Duwa la marigold, lochokera ku Mexico, liri ndi mphatso inanso: mizu yache imatulutsa mankhwala ochepetsa tinyongolotsi totupitsa mizu tija. Limathandiza kweni-kweni likakula m'dothimo miyezi 2 kapena 3 musanabzalemo matimati. Fungo lache lokha silingathamangitse tizirombo tonse monga ena amanenera.

ZIDA ZOSAFUNA NDALAMA

Chida choyamba ndi dzanja. Mlimi wa munda waukulu sangathe kuyendera tsamba liri lonse, koma mwini zitini 10 angathe. Fikisani nsabwe ndi chala, tolani mbozi, ndipo tsamba loboodwa ndi Tuta absoluta lithyoleni ndi kulitentha. Mukalitaya pansi kambozi kadzakula ndi kubweranso. Nkhono zisakeni madzulo ndi tochi. Mbande zazing'ono zibvekeni mkombero wodula ku botolo la pulasitiki, wolowa m'dothi masentimita 2 kapena 3, kuti mbozi yodula ija isafike pa tsinde.

Chida chachiwiri ndi madzi. Boolani timabowo pa chitsekerero cha botolo ndi kufinyira madzi mwamphamvu kunsi kwa masamba m'mawa, kuti aume dzuwa lisanalowe. Akangaude ofiira amadana ndi chinyezi, ndipo nsabwe zikagwa zambiri sizikweranso.

Chachitatu ndi sopo. Palani sopo wamba wochapira masupuni aang'ono 2, musungunule m'lita imodzi ya madzi, ndi kuwaza madzulo. Sopo waufa ndi waukali, amatentha masamba. Yambani mwayesa pa tsamba limodzi ndi kudikira masiku awiri. Sopo amapha tokhato timene watikhudza, chotero bwerezani pakapita masiku 5, ndipo musawaze pamene mwaona ana a kachikumbu ali pa ntchito.

Chachinai ndi mitengo ya mankhwala. Nimu, mtengo wochokera ku India umene umapezeka kwambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, uli ndi mphamvu m'njere zache kuposa m'masamba. Sinjani magalamu 50 a njere zosenda, viikani m'lita imodzi ya madzi usiku wonse, sefani ndi nsalu, ndipo wazani madzulo. Musadabwe kuona mbozi ziri zamoyo m'mawa mwache. Nimu sapha msanga: amaletsa kachirombo kudya ndi kufundula, ndipo kamafa patapita masiku. Masamba a ombwe nawonso amagwira ntchito, koma ombwe amapha nsomba, chotero zotsala zache musazitaye mumtsinje. Sambani m'manja mukatha, dikirani masiku angapo musanathyole ndiwo, ndipo muzitsuke bwino.

Madzi a fodya musawayese ai. Ululu wa chikonga umalowa pa khungu la munthu, ndiponso fodya amanyamula nthenda yochititsa mawanga pa masamba a matimati ndi tsabola.

MANKHWALA A M'SITOLO

Wina adzafunsa kuti, bwanji osangogula mankhwala amphamvu ndi kumaliza nkhondo tsiku limodzi? Mbiri itiyankhe. Mu 1939 Paul Müller wa ku Switzerland anapeza kuti DDT amapha tizirombo modabwitsa, ndipo mu 1948 analandira mphotho ya Nobel. Koma pasanapite zaka zambiri ntchentche ndi udzudzu zinayamba kupirira mankhwalawo, ndipo kunapezeka kuti amakhalitsa m'nthaka ndi m'mafuta a nyama ndi a anthu. Mu 2001 maiko anapangana ku Stockholm kuti DDT atsale wa ntchito yolimbana ndi tizirombo tofalitsa matenda monga malungo, osati wa kumunda. Phunziro lache ndi ili: mankhwala aukali amapha mdani ndi bwenzi pamodzi, koma mdani amaswana msanga kuposa bwenzi, kotero kuti amabwerera ali wochuluka ndi wosamva mankhwala.

Kuno kwathu lamulo la mu 2000 limafuna kuti mankhwala onse ophera tizirombo alembetsedwe ku bungwe la Pesticides Control Board asanagulitsidwe. Komabe m'misika mumapezeka timabotolo ndi timapepala topanda dzina kapena malangizo. Zotere musagule. Tameki ndi mankhwala osungira chimanga m'nkhokwe siziyenera kufika pa ndiwo zamasamba. Ngati mbeu zafika poti sizingapulumuke mwa njira yina, funsani aphunzitsi a zaulimi kapena alangizi, werengani pepala la pa botolo, ndipo sungani masiku amene alembedwa kuti apite musanakolole. Koposa zonse, m'nyumba yogona anthu ambiri, momwe chakudya chimasungidwa m'masutikesi pansi pa bedi, musasungemo botolo la poizoni ngakhale usiku umodzi. Kutaya chitini chimodzi cha matimati nkwabwino kuposa kunyamula mnzanu kupita naye ku chipatala.

MAU OTSIRIZA

Anzanga, zonse ndalembazi zimatheka ndi mwambo umodzi wokha, ndiwo kuyang'ana. Mphindi 5 m'mawa uli wonse belu la kalasi lisanalire, tembenuzani masamba, pisani chala m'dothi, ndipo tsatirani kumene nyerere zikupita. Kachirombo kopezeka lero kamafa ndi chala, koma kopezeka mwezi wamawa kamafuna botolo. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ndikupempha yense wowerenga magazini ino kuti teremu yino atole zitini ziwiri, china abzalemo mpiru, china marigold, aziike pamodzi pa khonde. Nzeru imene adzaipeza pa zitini ziwirizo adzapita nayo ku dimba la makolo ache pa tchuthi, ndipo kumeneko idzadyetsa banja lonse.