Kusamalira Giyabokosi ya Galimoto

Injini ya galimoto imazungulira mofulumira kwambiri kuposa matayala. Galimoto yaing'ono ikamayenda pa liwiro la makilomita 60 pa ola, tayala limazungulira maulendo pafupifupi 500 pa mphindi, pomwe injini imazungulira katatu kapena kanayi kuposa pamenepo. Giyabokosi ndi bokosi lachitsulo lomwe limakhala pakati pa injini ndi matayala, ndipo m'kati mwake muli mawilo a mano osiyana kukula otchedwa magiya, amene amasandutsa liwiro la injini kukhala mphamvu pamene galimoto ikunyamuka kapena kukwera mtunda, n'kuilola kuthamanga pamene msewu uli wosalala. Wakabaza amene njinga yake ili ndi magiya amazidziwa kale zimenezi, pakuti akafika pachitunda amaika tcheni pa giya yaikulu yakumbuyo, miyendo n'kumapalasa mwachangu koma mopepuka, njinga ikukwera pang'onopang'ono ndi katundu wake.

M'galimoto ya manyuwo, monga maminibasi ambiri ndi malole, dalaivala amasintha yekha magiya ataponda kilachi, yomwe ndi mbale imene imalumikiza injini ndi giyabokosi kapena kuzilekanitsa. M'galimoto ya otomatiki mulibe chopondera cha kilachi, chifukwa mphamvu ya injini imadutsa mu oyilo wozungulira m'chiwiya chotsekedwa, ndipo oyilo yemweyo, pokankhidwa ndi pampu, ndi amene amasintha magiya motsogozedwa ndi kompyuta ya galimotoyo. Galimoto zing'onozing'ono zambiri zogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, zomwe zimafika kudzera padoko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno pa Songwe, monga Toyota Sienta, Nissan Note ndi Honda Fit, zili ndi mtundu wina wa otomatiki wotchedwa CVT, umene m'malo mwa magiya a mano uli ndi lamba wachitsulo woyenda pakati pa mawilo awiri otha kufutukuka ndi kupanikizana.

Moyo wa giyabokosi uli mu oyilo wake, ndipo apa ndi pamene eni galimoto ambiri amataya ndalama. Oyilo wa injini amakumbukiridwa pa sevisi iliyonse, koma wa giyabokosi amaiwalika zaka ndi zaka, mpaka tsiku lomwe galimoto yakana kunyamuka. Wa m'giyabokosi ya manyuwo amakhala wokhathamira, ndipo nthawi zambiri pabotolo pamalembedwa 75W-90. Wa otomatiki wamba, wotchedwa ATF, amakhala wamadzimadzi ndipo kawirikawiri ndi wofiira. Pomwe wa CVT ndi wosiyana ndi onsewo, chifukwa anapangidwa kuti lamba azigwira mawilo osaterereka. Kuthira ATF wamba mu CVT kumachititsa lamba kuterereka ndi kupala mawilo aja, ndipo galimoto imayamba kunjenjemera ponyamuka, kenako giyabokosi yonse imafa. Ngakhale pakati pa ma CVT, kampani iliyonse ili ndi oyilo wake: Nissan imafuna NS-2 kapena NS-3, Toyota imafuna TC kapena FE, ndipo Honda imafuna HMMF kapena HCF-2, malinga ndi chaka chimene galimotoyo inapangidwa. Popeza buku la galimoto yochokera ku Japan limabwera m'Chijapani, kapena silibwera n'komwe, mwini galimoto ayenera kuyang'ana pa kachitsulo koyezera oyilo, pomwe dzinalo limalembedwa m'galimoto zina, kapena kupereka nambala ya chasisi kwa wogulitsa wodalirika. Oyilo wopungulidwa kuchokera m'chigubu chopanda dzina, ngakhale atatsika mtengo chotani, sayenera kulowa m'giyabokosi, pakuti palibe amene angatsimikize chomwe chili m'menemo.

Kuyeza oyilo wa otomatiki, m'galimoto zambiri zomwe zili ndi kachitsulo koyezera, kumachitika pamalo osapendekera, injini itatentha ndipo ikulira. Dontho lake likaikidwa pa kansalu koyera limaulula zambiri. Lofiira loyera bwino likusonyeza kuti zinthu zili bwino, lakuda lonunkha ngati chinthu chopserera likusonyeza kuti oyilo wapsa ndi kutentha, ndipo lotuwa ngati lasakanizidwa ndi mkaka likusonyeza kuti mwalowa madzi, zomwe zimachitika galimoto ikawoloka madzi akuya m'nyengo ya dzinja kapena rediyeta ikabooka m'kati. Galimoto ya matola, yomwe imasenza anthu ndi matumba tsiku lonse m'fumbi ndi m'kutentha, imafunika kusinthidwa oyilo msanga, ndipo amakaniko ambiri amalangiza kuti pasapitirire makilomita 40,000 mpaka 60,000.

Kayendetsedwe nakonso kamafupikitsa moyo wa giyabokosi. Madalaivala ena akamatsika mtunda wautali, monga wa Chiweta pamsewu wa M1 kapena wa Thabwa potsikira ku Chikwawa, amaika galimoto pa nyutirolo poganiza kuti akupulumutsa petulo, koma potero amachotsa injini pa ntchito yogwira galimoto, katundu yense n'kutsalira mabuleki, omwe akatentha amaleka kugwira, pomwe m'galimotomo muli ana ndi makolo a anthu. Choyenera ndi kutsika ndi giya yotsika, kapena kuika pa 2, L kapena B ngati ndi otomatiki. Phazi lokhalira kutsamira pa kilachi limadya mbale yake, ndipo kulowetsa R galimoto isanaimiretu kumamenyanitsa zitsulo zam'kati. Poimika otomatiki pamalo otsetsereka, handibuleki imakokedwa kaye, P pambuyo, chifukwa chomwe chimagwira galimoto pa P ndi kadzino kamodzi kachitsulo basi. Otomatiki siilira mochita kukankha, ndipo ikafera panjira siyenera kukokedwa ndi chingwe mtunda wautali matayala oyendetsa ali pansi, popeza pampu ya oyilo imayenda ndi injini, choncho injini ikazima zitsulo zimazungulira zouma.

Nthawi zambiri giyabokosi siifa mwadzidzidzi. Imayamba kuchedwa kugwira munthu akaika pa D, injini imalira mokweza liwiro osawonjezeka, magiya a manyuwo amakukuta kapena kuchoka okha, ndipo pansi pomwe galimoto inagona pamapezeka madontho. Pa nthawi imeneyi vuto limatha kukhala laling'ono, monga labala yotsekera oyilo yomwe yatha, sefa yotsekeka kapena kilachi yofuna kusintha, ndipo makaniko wokhala ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto amatha kuliona asanamasule chilichonse. Ngati giyabokosi yafikadi pofuna ina, wogula yakale ayenera kufananitsa nambala yolembedwa pa iyo ndi ya yake, kuona mtundu wa oyilo wotsalira m'kati, ndi kupempha kuti wogulitsa alembe pa lisiti masiku oiyesera asanalipire ndalama zonse.