ZILAPI ZA SAMU ZINOLA NZERU

Ana ambiri a sukulu aopa samu monga aopa njoka, ndipo akulu ena ati samu ndi nchito ya makalaliki okha. Koma anthu omwewo akakhala pamoto madzulo akondwera ndi zilapi, ndipo pa bawo awerenga maenje msanga osaphonya. Nzeru yake ndi yomweyo. Munthu wozolowera kuganiza bwino asanayankhe sapusitsidwa msanga pa sikelo kapena pa ngongole.

Kale ku York, m'dziko la England, kunali mphunzitsi dzina lake Alcuin. Mfumu Charlemagne inamuitana kuti akaphunzitse kunyumba yachifumu ku Aachen, mzinda umene lero uli m'dziko la Germany. Iye anamwalira m'chaka cha 804. Lilipo buku la Chilatini la zilapi za samu zoposa 50, zonolera nzeru za anyamata, limene akatswiri ambiri akhulupirira kuti analemba ndi iyeyo.

MUNTHU PA DOOKO

Chilapi china cha m'bukumo chitere. Munthu afika pa mtsinje ali ndi mmbulu, mbuzi ndi kabichi. Bwato ndi laling'ono, lingonyamula iye ndi chinthu chimodzi. Akasiya mmbulu ndi mbuzi paokha, mbuzi idyedwa. Akasiya mbuzi ndi kabichi, kabichi atha. Kodi aoloke bwanji?

Yankho ndi ili. Ayambe waolotsa mbuzi, nabwere yekha. Atenge mmbulu, ndipo pofika tsidya ausiye, nabwere ndi mbuzi ija. Aitsitse, atenge kabichi, akamsiye pamodzi ndi mmbulu, popeza mmbulu sudya ndiwo zamasamba. Abwerenso yekha kudzatenga mbuzi. Maulendo onse ndi 7.

Pobvuta ndi pa ulendo wachinayi. Ambiri salingalira zobweza mbuzi, chifukwa aona ngati kutero nkuononga nchito yotha kale. Komatu kubwerera m'mbuyo kumeneko ndiko kupulumutsa katundu yense.

CHILAPI CHA AILA

Zilapi za pa dooko zilinso m'maiko ambiri a mu Africa. Cha Aila a ku Zambia chinasindikizidwa m'chaka cha 1920 m'buku la Edwin Smith ndi Andrew Dale. M'menemo munthu ali ndi zinthu 4: nyalugwe, mbuzi, khoswe ndi dengu la mapira, ndipo bwato lingotenga chimodzi. Akanyamula mbuzi, khoswe adya mapira. Akanyamula nyalugwe, mbuzi ndi khoswe adya mapira. Akanyamula mapira kapena khoswe, nyalugwe agwira mbuzi. Njira palibe. Munthuyo anaganiza zotaya nyama imodzi, koma popeza zinali ngati ana ake, analeka ulendo. Mwana amene afotokoza bwino chifukwa chake chinthu sichitheka wakhoza samu, monga wakhozera amene apeza yankho.

NKHUNDA PA MAKWERERO

China cha m'buku la Alcuin ndi cha makwerero a mapondero 100. Pa loyamba patera nkhunda imodzi, pa lachiwiri nkhunda 2, pa lachitatu 3, choncho mpaka pamwamba pali nkhunda 100. Zonse ndi zingati? Woonkhetsa imodzi imodzi atopa, ndipo mwina asokera panjira. Wochenjera aziphatika ziwiri ziwiri: 1 ndi 99 zipanga 100, 2 ndi 98 zipanga 100, mpaka 49 ndi 51. Magulu otere alipo 49, ndiye kuti 4,900. Kwatsala 50 ndi 100 zopanda anzake. Zonse pamodzi ndi 5,050.

MAU KWA APHUNZITSI NDI MAKOLO

Zilapi izi sizifuna ndalama kapena mabuku. Mzere wolembedwa pa dothi ukhale mtsinje, chigoba cha mtedza chikhale bwato, mwala, chitsononkho ndi tsamba zikhale katundu. Ana asunthe okha, ndipo aliyense anene chifukwa chake wasuntha motero. Mphunzitsi asafulumire kuulula yankho, pakuti mwana wouzidwa aiwala mawa, koma wopeza yekha saiwala. Wolakwa asasekedwe kapena kumenyedwa, angofunsidwa kuti, "Nanga mbuzi yatsala ndi yani?" Atsikana apatsidwe mpata wofanana ndi anyamata, ndipo agogo aitanidwe adzaphe zilapi za kwao.

CHOYESA MWEZI UNO

Ichinso nchochokera m'buku lomwelo. Bambo ndi mai alemera mofanana, ndipo ana ao awiri pamodzi alemera ngati munthu wamkulu mmodzi. Bwato lingonyamula wamkulu mmodzi kapena ana awiriwo, ndipo onse adziwa kupalasa. Kodi banjali lioloka bwanji? Amene awaolotsa onse ndi maulendo 9 wakhoza, koma aonetse anzake ulendo uliwonse mmene wayendera.