Kusiyanitsa timantchentche toluma potengera kakulidwe ndi maonekedwe

M'Chichewa tili ndi mayina a tizilombo touluka monga udzudzu, ntchentche, kashembe ndi nkhungu. Koma nditafunsa anzanga dzina la timantchentche tija timaluma madzulo m'mbali mwa madambo, totalika mamilimita 1 mpaka 3 basi, ena anati ndi ana a udzudzu, ena anati ndi nkhungu. Mayankho onsewa si oona, chifukwa udzudzu ukakhala mwana suuluka, ndipo nkhungu za ku nyanja ya Malawi siziluma. M'nkhani ino ndifotokoza mmene akatswiri amatigawira m'magulu, popeza kwa ine wophunzira zilankhulo, kugawa zinthu ndi nkhani ya mayina.

Timantchentche timeneti tili m'gulu la Diptera, la tizilombo ta mapiko awiri, m'banja la Ceratopogonidae. Mtundu wodziwika kwambiri ndi Culicoides, dzina lomwe Pierre André Latreille anapereka mu 1809. Tsinde lake ndi culex, kutanthauza udzudzu m'Chilatini, ndipo mphatikira -oides amatanthauza "chofanana ndi". Choncho dzinali likuvomereza kuti kachilomboka kamafanana ndi udzudzu, koma si udzudzu.

Njira yoyamba yotisiyanitsira ndi kuona kakulidwe, komwe kali ndi magawo anayi. Dzira limakhala lotalika ndi lopindika ngati nthochi, ndipo limaikiridwa m'matope, m'dothi lachinyezi kapena m'ndowe. Mphutsi ya Culicoides ilibe miyendo, imasambira mothetheka ngati njoka ndipo imafundula kanayi. Gawo lachitatu, lotchedwa pupa, limadziwika ndi timanyanga tiwiri topumira. Gawo lomaliza ndi kachilombo kouluka.

Njira yachiwiri ndi kuona thupi la kachilombo kakakulu pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono. Mapiko a mitundu yambiri ya Culicoides ali ndi madontho oyera ndi akuda, ndipo malo amene madonthowo ali amasiyana mtundu ndi mtundu. Kakatera, kamasanjikiza mapikowo pamsana ngati sizasi yotseka. Tinyanga ta pamutu ta kakamuna tili ndi ubweya wambiri, pomwe ta kakakazi tili ndi ubweya wochepa. Kusiyanaku n'kofunika chifukwa kakakazi kokha ndi kamene kamayamwa magazi kuti mazira akhwime.

Wina angafunse kuti kuvutika konseku phindu lake n'chiyani. Mu 1944, René du Toit wa ku Onderstepoort, m'dziko la South Africa, anasonyeza kuti Culicoides amafalitsa matenda a bluetongue, amene amatupitsa kukamwa ndi lilime la nkhosa. Tizilombo tomweti timafalitsanso matenda oopsa a akavalo. Mitundu iwiri yofalitsa matendawa, Culicoides imicola ndi Culicoides bolitinos, imafanana kwambiri mapiko moti wachiwiriyu anapatsidwa dzina lakelake mu 1989. Mphutsi zawo zimakulira kosiyana: za imicola m'dothi lachinyezi, za bolitinos m'ndowe za ng'ombe. Mlimi amene waumitsa matope ozungulira khola, pamene mdani wake akuswana m'ndowe, wangotaya mphamvu. Komanso si onse a m'banjali amene ali adani, pakuti mitundu ina ya Forcipomyia imanyamula mungu wa maluwa a koko.

Pomaliza, ndaona kuti ntchito ya katswiri wa tizilombo ikufanana ndi yathu. Ife sitiika dzina m'gulu poona mphatikira wake yekha, timaonanso agwirizanitsi amene limatenga m'chiganizo. Mwachitsanzo, "nkhuku" mmodzi ndi "nkhuku" zambiri zimalembedwa mofanana mpaka titamva "yafa" kapena "zafa". Nayenso katswiriyo sadalira phiko lokha, amafufuzanso kumene mphutsi inakulira. Ntchito imene yatsalira ife ndi kufunsa alimi ndi asodzi m'madera osiyanasiyana mayina amene amatchula tizilomboti, ndi kuwalemba, kuti mlangizi wa ziweto akamachenjeza anthu asamangonena kuti "tizilombo".