Kachilombo Kobisala Komwe Kayambanitsa Banja

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi a zaka 36 a ku Machinga, omwe akhala pabanja zaka 13 ndipo ali ndi ana atatu. Mwezi watha anakayezetsa khomo la chiberekero, anamwino n'kuwauza kuti ali ndi kachilombo ka HPV, kofala kudzera m'kugonana. Kuyambira tsikulo m'nyumba mulibe mtendere. Mayiwa akuti chikwatiwire sanayendepo kumbali, bambo a m'nyumba nawo akulumbira chimodzimodzi, ndipo ankhoswe aitanidwa kale. Funso lawo kwa Azakhali, omwe amayankha makalata a owerenga, ndi lakuti: "Wabweretsa matendawa m'nyumba muno ndani?"

Azakhali akumva kuwawa kwa funsoli, ndipo ayankha mosapsatira. Palibe chipangizo cha kuchipatala chomwe chinganene kuti HPV inalowa liti m'thupi, kapena kuti inachokera kwa yani. N'kutheka ndithu kuti mmodzi mwa awiriwa anaitenga asanadziwane n'komwe.

Chifukwa chake chili m'kakhalidwe ka kachilomboka. Kamalowera pa timing'alu tosaoneka ndi maso pa khungu lofewa la khomo la chiberekero, n'kukakhazikika m'maselo a pansi penipeni, omwe amabala maselo atsopano. M'magazi, momwe asilikali a m'thupi amalondera usana ndi usiku, sikalowamo. Sikaphulitsa selo yomwe kakhalamo, sikatupitsa malowo, sikatenthetsa thupi. Kamangokwera limodzi ndi maselowo pamene akukhwima, ndipo tizilombo tatsopano timatuluka pamene khungu la pamwamba likufundula lokha monga mwa nthawi zonse. Aliyense amene anaonapo nankafumbwe akudziwa zimenezi: njere ya chimanga imaoneka yabwinobwino kunja, mwini nkhokwe n'kumagona tulo, m'kati muli mlendo.

Ukathyali wake suthera pomwepo. Selo yogwidwa ndi kachilombo imayenera kukweza chizindikiro kunja kwake kuti asilikali aione ndi kuipha, koma puloteni ya HPV yotchedwa E5 imatsitsa chizindikirocho. Mapuloteni ena awiri, E6 ndi E7, amatseka pakamwa interferon, womwe ndi mfuwu wa selo woitanira thandizo. Awiri omwewa amathyolanso mabuleki a selo, p53 ndi pRb, omwe amailetsa kuchulukana mosalongosoka. Apa ndi pamene khansa imayambira, ngati kachilombo kakhalitsa zaka zambiri.

Komabe thupi silipusitsika mpaka kale. Mwa anthu 10 otenga HPV, pafupifupi 9 chitetezo chawo chimaigonjetsa pasanathe zaka ziwiri, iwo osadziwa kanthu. Mwa ena kachilombo kamangozizira, kosapezeka ngakhale poyeza, n'kudzadzuka chitetezo chikatsika. Bungwe la WHO limati kwa mayi wa chitetezo chabwino pamadutsa zaka 15 mpaka 20 kuti maselo osokonekera asanduke khansa, pamene kwa wa chitetezo chofooka, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV, zaka 5 mpaka 10 zimakwana. Amayi omwe ali ndi HIV ali pachiopsezo chodwala khansayi chochuluka kasanu ndi kamodzi kuposa omwe alibe. Mitundu ya HPV imaposa 200, koma iwiri yokha, 16 ndi 18, yomwe Harald zur Hausen wa ku Germany ndi anzake anaipeza m'zaka za 1983 ndi 1984, ndiyo imayambitsa pafupifupi 70 mwa khansa 100 zilizonse za khomo la chiberekero.

Azakhali sangalumbirire bambowa, poti sakuwadziwa. Ngati mayiwa ali ndi zifukwa zina zowakayikira, imeneyo ndi nkhani ina yoyenera ankhoswe. Koma zotsatira za kuchipatalazi pazokha si umboni wa chibwenzi, ndipo bambo nawonso asazigwiritse ntchito ponyoza akazi awo. Amuna ambiri amayenda ndi HPV popanda chizindikiro chilichonse.

Chomwe chikuwadetsa nkhawa Azakhali n'chakuti m'kalata yonse mayiwa sanatchule tsiku lobwerera kuchipatala. Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe khansa imeneyi ikupha amayi ambiri padziko lonse, ndipo ambiri amafika mochedwa. Kupezeka ndi HPV si khansa ayi. Anamwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, ndipo pakaoneka malo oyera amawawotcha ndi kachipangizo, ntchito ya mphindi zochepa chabe. Zoika zitsamba kumaliseche asayerekeze: sizichotsa kachilombo, zimangosupula khungu lomwe likufunika kupola.

Mwa ana atatu aja ngati muli mtsikana wa zaka 9 mpaka 14, akafunse za katemera wa HPV, yemwe anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 atayesedwa kaye ku Zomba ndi ku Rumphi. Katemerayu amateteza bwino mwana asanayambe zogonana.

Pobwerera kuchipatala, mayiwa apite ndi bambo, onse akayezetse HIV, ndipo mafunso omwe akanafunsa ankhoswe akafunse anamwino. Akawotchedwa, mayi amauzidwa kuti asakhale malo amodzi ndi mwamuna kwa masabata anayi kuti bala lipole, ndipo ndi bwino bambo akadzimvere okha malangizo amenewa m'chipinda cha anamwino.