Kusunga Nthambi za Chamba mu Firiji Kufikira Tsiku Lodzala

Ophunzira inu, tiyambe ndi lamulo. Mu February 2020 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inavomereza ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ndipo bungwe la Cannabis Regulatory Authority ndilo limapereka ziphaso. Kulima chamba popanda chiphaso ndi mlandu mpaka lero. Choncho phunziro lino ndi la mlimi wachiphaso ndi anthu ogwira ntchito mu nazale yake, ntchito yomwe ena mwa inu mudzaigwira.

Chamba chili ndi mitengo yaimuna ndi yaikazi, ndipo ukadzala njere sudziwa chomwe chimere. Mlimi wa chamba cha mankhwala amafuna maluwa a mtengo waukazi omwe sanalandire mungu. Ndiye akapeza mtengo waukazi wabwino amausunga kuti ukhale mayi, n'kumadulako nthambi zodzala, monga timachitira ndi chinangwa ndi mbatata. Nthambiyo imatengera make pa chilichonse. Koma nthawi zina mayi uja wakula, akufunika kuthenedwa lero, pomwe mu nazale mwadzaza. Kutaya nthambizo n'kuluza mbewu. Apa m'pamene firiji imalowera.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa mukagwira mfundo iyi zina zonse mudzazipeza nokha. Nthambi ikadulidwa sinafe. Ikupumabe, ikuwotchabe shuga yemwe masamba anapanga, ikutayabe madzi, koma ilibe muzu wobwezeretsera. Chakudya chomwe ili nacho m'thupi ndi kamba wa paulendo: chikathera panjira, sidzakhala ndi mphamvu yotulutsira mizu. Firiji siiwonjezera kanthu nthambiyo. Imangochepetsa liwiro lomwe chakudyacho chikuthera. Kutentha kukatsika ndi madigiri 10, kupuma kwa chomera kumatsika pafupifupi ndi theka. Werengani nokha: kuchoka pa madigiri 24 kufika pa 14 ndi theka, kufika pa 4 ndi theka la thekalo. Ndiye kuti chakudya chomwe chikanatha tsiku limodzi patebulo chikhoza kufika masiku anayi mu firiji.

N'chifukwa chake ntchito imayambira pa mayi. Muthirireni madzulo, mudule m'mamawa masamba adakali njo. Sankhani nthambi zolimba za masentimita 10 mpaka 15, zokhala ndi mfundo zitatu kapena zinayi, ndipo muzidule motalikirako pang'ono poti mudzadulanso. Kanthambi konyozoloka musavutike nako, sikapirira. Lezala ikhale yatsopano pa mayi aliyense, kapena yoviikidwa m'madzi a bleach. Izi sindinenera ukhondo wokha: matenda a hop latent viroid, omwe anapezeka m'chamba ku California mu 2019, amayenda ndi zodulira, ndipo mtengo wodwala ukhoza kuoneka wathanzi.

Thotholani masamba akunsi. Kulungani kunsi kwa nthambizo ndi kapepala kofewa konyowa, koma mukafinye kaye mpaka dontho lisagwe. Ziikeni m'jumbo yotseka, musiyemo mpweya kuti masamba asaphwanyike, ndipo mulembe tsiku ndi dzina la mayi. Malo ake ndi m'kabokosi kosungira ndiwo zamasamba, pomwe kuzizira kumakhala pafupifupi madigiri 4. Musazigunditse kukhoma lakumbuyo. Kumeneko zinthu zimatha kuundana, ndipo madzi akaundana m'kati mwa tsamba amang'amba timaselo. Mukadzatsegula mudzapeza masamba akuda, olefuka, onyowa ngati ofutsa, ndipo nthambi yotero ndi yotaya.

Adani ena ndi awiri. Woyamba ndi chuku chotuwa chotchedwa Botrytis, chomwe chimakonda malo ozizira achinyezi. Pakapita masiku awiri kapena atatu tsegulani jumbo, mulowe mpweya watsopano, mupukute madontho omata m'kati, ndipo tsamba lililonse lomwe layamba kuterera lichoke pomwepo. Wachiwiri ndi zipatso. Nthochi, tomato ndi maapulo zikamapsa zimatulutsa mpweya wa ethylene, womwe umakalambitsa masamba n'kuwasandutsa achikasu. Firiji ya nazale ikhale ya nazale basi. Magetsi akazima, chitseko chisatsegulidwe, ndipo mabotolo a madzi ozizira oikidwamo kale amathandiza kugwira kuzizirako.

Nanga zingakhalemo mpaka liti? Sabata imodzi kapena ziwiri, zambiri zimagwira bwino. Kupitirira sabata zitatu zolephera zimachuluka. Ine ndimati mukapeza malo mu nazale lero, dzalani lero. Palibe phindu loyesa kupirira kwa nthambi.

Tsiku lodzala musazichotse kozizira n'kuziponya padzuwa. Zisiyeni pamthunzi kwa ola limodzi kapena awiri. Kenako dulaninso kunsi mopendeketsa, pansi pa mfundo penipeni, chifukwa bala lakale lauma ndipo njira zamadzi zatsekeka. Ziimikeni m'madzi oyera mpaka masamba adzuke. Viikani bala latsopanolo mu ufa wothandiza mizu, womwe muli mankhwala a IBA, ndi kuzika m'dothi la nazale lopepuka, lonyowa koma losajenga madzi. Vindikirani ndi pulasitiki yoonekera kuti chinyezi chisathawe, kutentha kukhale madigiri 22 mpaka 25, kuwala kukhale kofatsa. Pali china chomwe alimi a kuno sayenera kuiwala: chamba chimachita maluwa usiku ukatalika, ndipo ku Malawi usana sutalika kwenikweni kupyola maola 13. Motero nazale imawonjezera nyali kuti kuwala kufike maola 18, kuopa kuti kanthambi kangathamangire maluwa mizu isanakhwime. Nthambi yatsopano imatulutsa mizu pakati pa masiku 7 ndi 14. Ya mu firiji imachedwerapo, ndiye musaizulezule pofuna kuona.

Musaganize kuti njirayi ndi ya mbewu iliyonse. Kholowa ndi zomera zambiri za kotentha zimaonongeka ndi kuzizira ngakhale zisanaundane. Pa ntchito ya m'kalasi tigwiritsa ntchito maluwa a rozi. Gulu lililonse lidule nthambi 20: khumi mudzale mawa, khumi zikhale mu firiji masiku 14, ndipo muzilemba tsiku lomwe muzu woyamba waoneka pa iliyonse.