Foni Ikasintha Mitundu, Musafulumire Kukaiflasha

Kuno kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, kuyambira pa doko la Kachulu mpaka ku sikimu ya mpunga ya Likangala, foni ndiyo imasunga nambala za ogula matemba, mauthenga a Mpamba ndi Airtel Money, ngakhalenso zithunzi za malisiti. Tsono sikirini ikangoda, ikachita chikasu, kapena nkhope za anthu zikamaoneka zachilendo, ambiri mumanyamuka ulendo wa ku Jali kuti okonza mafoni akaiflashe, ndiko kufufuta zonse za mkati mwake ndi kuiyambitsanso mwatsopano. Langizo lathu ndi lakuti muyambe mwadekha, chifukwa kawirikawiri foniyo imakhala ilibe vuto. Zimene zasemphana ndi zosankha za mkati mwake.

Mafoni a Android, monga itel ndi Tecno, ali ndi malo angapo olamulira mitundu, ndipo amodzi amaphimba anzake. Kuyambira pa Android 10, ya mu 2019, muli Dark theme imene imadetsa kumbuyo kwa zilembo koma zithunzi osazikhudza. Pa mafoni ambiri Battery saver imaiyatsa yokha moto ukachepa, chinthu chofala kwa ife otchajitsa pa sola, ndipo mdimawo suchoka mpaka mutazimitsa Battery saver kapena kutchaja. Chikasu chobwera madzulo ndi Eye care kapena Night light. Zithunzi nazo zikatembenuka mitundu, lowani mu Settings, kenako Accessibility, muzimitse Color inversion.  Sinthani chinthu chimodzi, muone, kenako china.

Wina anganene kuti kuflasha kumamaliza zonse kamodzi. N'zoona, mitundu imabwerera, koma kuli ngati kutentha nkhokwe pofuna kupha khoswe. Zithunzi, nambala zosungidwa m'foni ndi mauthenga a WhatsApp osasungidwa kwina zimapita. Ndalama za Mpamba sizitayika, pakuti zili pa nambala yanu, koma foni yofufutidwa imatha kufunsa pasiwedi ya akaunti ya Google imene inalimo kale. Ndi angati mwa ife amaikumbukira, makamaka ngati akauntiyo anatitsegulira wogulitsa foni kapena mwana amene ali ku Joni? Ena amadandaula kuti zonsezi zalembedwa m'Chingerezi. Mawu ofunika ndi ochepa amene tawatchulawa, ndipo mwana wa sukulu angakuwerengereni inu muli pomwepo mukuona chimene akudina.

Ilipo nthawi imene wokonza mafoni amafunikadi. Mizere kapena banga lakuda losasuntha, looneka ngakhale foni ikungoyaka kumene, ndi chizindikiro chakuti sikirini yasweka kapena yalowa madzi, monga zimachitikira m'mabwato. Apo izimitseni, musaitchaje ili yonyowa, ndipo mukafika kwa wokonza muuzeni kuti aone sikirini, osati kuiflasha.